Munalipira webusaiti, koma dzina lake ndi la ndani?

Mu Lilongwe muno webusaiti imagulidwa ngati katundu mmodzi. Mwini sukulu ya mkaka ku Area 25, kabungwe ka ku Area 47, kampani yogulitsa zipangizo zaulimi ku Kanengo, onse njira yake ndi imodzi: aitana mnyamata wodziwa za makompyuta, agwirizana mtengo, ndalama ipita pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pakapita masabata angapo webusaiti yatuluka pamodzi ndi maimelo a ofesi. Pa invoisi pamakhala mzere umodzi basi. Komatu mu mzere umenewo muli zinthu zinayi zosiyana, zimene zingakhale m'manja mwa makampani anayi a m'mayiko osiyananso: dzina, malo osungirapo webusaiti, chitetezo ndi imelo. Chilichonse chili ndi tsiku lake lothera. Zonse zikamayenda palibe amafunsa. Mafunso amabwera tsiku limene makalata asiya kulowa, mnyamata uja foni yake sikupezeka, ndipo mu ofesi yonse mulibe wodziwa koti n'kuyambira.

Tiyambe ndi dzina, pakuti zina zonsezo zimakoloweka pamenepo. Domeni ndi dzina limene mumalemba pamwamba pa Chrome kapena Firefox kuti mufike pa webusaiti: rbm.mw ya Reserve Bank of Malawi, luanar.ac.mw ya yunivesite ya ku Bunda, malawi.gov.mw ya boma. Makompyuta paokha sadziwana ndi mayina. Amadziwana ndi manambala otchedwa IP adiresi, monga 8.8.8.8 imene ndi ya imodzi mwa maseva (makompyuta otumikira makompyuta ena pa intaneti) a Google. Manambalawa ku Africa kuno amagawidwa ndi bungwe la AFRINIC lomwe lili ku Mauritius. Intaneti ili yaing'ono, mayina onse ndi manambala ake ankalembedwa mu fayilo imodzi imene aliyense ankakopera pa kompyuta yake. Makompyuta atachuluka zimenezo zinakanika, ndiye mu 1983 Paul Mockapetris anakonza dongosolo la DNS, lomwe tikugwiritsabe ntchito mpaka lero.

Ntchito ya DNS ndi kusandutsa dzina kukhala nambala. Mukalemba luanar.ac.mw pa foni, foniyo imafunsa seva ya kampani imene ikukupatsani intaneti. Ngati sevayo siikudziwa, imakafunsa maseva a pamwamba penipeni, amene amayankha kuti za .mw kafunseni uko. A .mw nawo amaloza maseva amene akusunga mbiri ya dzinalo, otchedwa nameserver, ndipo amenewa ndi amene amapereka nambala. Ulendo wonsewu sutha ngakhale sekondi. Yankho likapezeka limasungidwa kwa kanthawi kuti asamafunse kawirikawiri, ndipo n'chifukwa chake mukasamutsa webusaiti, mnzanu wa TNM atha kuona yatsopano pamene inu a Airtel mukuonabe yakale. Sikuti wokonzayo wakunamizani. Dikirani maola angapo, nthawi zina tsiku lathunthu kapena awiri.

Dzina la domeni limawerengedwa kuchokera kumapeto kubwerera m'mbuyo. Mu luanar.ac.mw, gawo lalikulu ndi .mw, kutanthauza Malawi. Pansi pake pali .ac ya masukulu a ukachenjede. Kenako luanar, mwini wake. Chilichonse chimene mwiniyo angaike kutsogolo, kaya www kaya mail, n'chake, ndipo salipira china. Kadziwidwe kameneka kangakupulumutseni ndalama. Adiresi ngati rbm.mw.chinachake.com si ya Reserve Bank ngakhale pang'ono. Ndi ya mwini chinachake.com, amene wangoika zilembo za bankiyo kutsogolo kuti maso anu akodwe. Yang'anani zimene zili kumapeto, mzere wopendekera woyamba usanafike.

Pamwamba pa mayina onse pali ICANN, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1998 ndipo likulu lake lili ku Los Angeles. Mathero alionse ali ndi wosunga kaundula wake, amene amatchedwa registry. Wa .com ndi kampani ya Verisign ya ku America. Wa .mw, dzina lomwe Malawi inapatsidwa mu 1997, kwa zaka zambiri wakhala Malawi SDNP. Pansi pa wosunga kaundula pali ogulitsa, ma registrar, monga GoDaddy ndi Namecheap. Wachitatu ndi registrant, munthu kapena kampani imene dzinalo lalembedwa kuti ndi lake. Pa atatuwa, malo amene muyenera kuonekapo inu ndi achitatuwo.

Apa m'pamene ambiri amagwera. Wokonza webusaiti, pofuna kufulumira, amalembetsa domeni pa akaunti yake, ndi dzina lake, imelo yake ndi khadi lake la kubanki. Nthawi zambiri sakhala ndi maganizo oipa. Amangoona kuti bwana alibe khadi lolipirira kunja ndipo sakufuna kuvutitsidwa ndi mafomu. Koma pa kaundula, mwini dzina ndi iyeyo. Amene munalembetsa simu khadi mu 2018 mukudziwa mmene zimakhalira nambala ikalembedwa pa chiphaso cha munthu wina: mwaigwiritsa ntchito zaka, makasitomala onse amaidziwa, ndalama zanu zili momwemo, koma foni ikabedwa, ku shopu ya kampani akufuna mwini chiphaso, osati inu. Domeni ndi chimodzimodzi. Ogulitsa mayina amamvera amene ali pa kaundula ndi amene ali ndi pasiwedi ya akaunti. Lisiti ya Airtel Money yoonetsa kuti ndalama inachoka kwa inu siisintha kanthu kwa wogulitsa mayina ngati GoDaddy, kampani ya ku Arizona ku America.

Mukayambana ndi wokonzayo, kapena akapita ku Joni osatsanzika, njira zobwezera dzina ndi zochepa ndipo n'zodula. Pa mayina a .com pali ndondomeko yodandaulira yotchedwa UDRP, koma kukasuma ku WIPO, bungwe la ku Geneva loona za zizindikiro za malonda, kumayambira pa madola 1,500, ndipo muyenera kuonetsa kuti dzinalo ndi chizindikiro cha malonda anu komanso kuti winayo analitenga ndi cholinga choipa. Kabizinesi ka ku Old Town sikangafike kumeneko. Chotchipa n'kukonza zinthu mukadali pa ubale wabwino. Tsegulani akaunti yanuyanu kwa wogulitsa mayina, pemphani kuti domeni isamutsidwire kumeneko, ndipo ngati ikuchoka kwa wogulitsa wina kupita kwa wina, wokonzayo akupatseni nambala yachinsinsi yosamutsira, imene ena amaitcha EPP code ena auth code. Dziwani kuti dzina la .com longolembetsedwa kumene silisamuka mpaka patapita masiku 60. Wokonza wachilungamo savuta pa zimenezi. Akayamba kuzungulira, mwadziwa kale amene mukuchita naye.

Chinanso n'chakuti domeni sigulidwa kwamuyaya. Imabwerekedwa, chaka chimodzi kapena zingapo, ndipo pa .com malire ake ndi zaka 10 nthawi imodzi. Tsiku likamayandikira, wogulitsa amatumiza makalata okumbutsa, imodzi kutatsala mwezi, ina kutatsala sabata. Amapita ku imelo imene ili pa kaundula, ndiye ngati ndi ya mnyamata uja, inu simumva kalikonse. Tsiku likadutsa webusaiti imazima ndipo imelo imaima. Pamakhala kanthawi koti mutha kulipira mtengo wamasiku onse, kenako masiku 30 oti muliwombole pa mtengo wokwera kwambiri, kenako dzinalo limabwerera pa msika. Kunjaku kuli anthu amene ntchito yawo n'kudikira mayina otayidwa, makamaka amene anali ndi alendo ambiri, n'kuikapo zotsatsa za juga kapena kukugulitsaninso pa mtengo wawo. Langizo laling'ono: imelo yolembetsera domeni isakhale ya pa domeni yomweyo. Dzina likazima, kalata yokuthandizani kulibweza idzapita ku bokosi lomwe lazima nalo limodzi.

Nanga .mw kapena .com? Dzina la .com limakhala pakati pa madola 10 ndi 20 pachaka, koma limalipiridwa mu ndalama zakunja, ndipo aliyense wochita bizinesi muno akudziwa mmene khadi limakanira forex ikasowa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yonse ya m'madola inalumpha tsiku limodzi. Kwa ine, bungwe kapena kampani imene makasitomala ake ali m'Malawi muno ndi bwino ikhale ndi .mw: munthu akaona amadziwa kuti ndinu a konkuno, mayina afupi akadalipo ambiri, ndipo vuto likabuka wolankhula naye ali m'dziko momwemuno. Amene angathe atenge onse awiri, lina lizingolozera ku linzake.

Hosting ndi nkhani yapafupi kuimva. Webusaiti ndi mafayilo: zolemba, zithunzi ndi nkhokwe ya zinthu monga mayina a makasitomala. Mafayilowa ayenera kukhala pa kompyuta yosazima usana ndi usiku, yolumikizidwa pa intaneti yamphamvu. Kompyuta yotero ndiye seva, ndipo hosting ndi lendi ya malo pa sevayo. Yotchipa kwambiri ndi shared hosting, pamene mawebusaiti mazanamazana amakhala pa seva imodzi. Wina akachulukirwa alendo, nonse mumayenda pang'onopang'ono. VPS ndi gawo lanulanu la seva, lokhala ndi mphamvu zake zoikika, koma limafuna munthu wodziwa kulisamala. Kubwereka seva yathunthu, kapena kupita ku makampani akuluakulu monga Amazon Web Services ndi Microsoft Azure, n'kwa mabanki ndi ena a katundu wolemera. Sukulu, tchalitchi kapena loji ya mu Area 43 shared hosting imakwana, ndipo wokuuzani zina afotokoze chifukwa chake.

Pa kotesheni mudzaona mawu angapo. Disk space ndi kukula kwa malo osungira. Bandwidth ndi kuchuluka kwa data imene alendo angakoke pamwezi. Akalemba kuti zilibe malire, malirewo alipo ndithu, angobisika mu mgwirizano umene palibe amawerenga. Uptime ya 99.9 peresenti imamveka ngati yosazima, koma powerengetsa ndi maola pafupifupi 9 pachaka amene webusaiti ingakhale itagwa popanda kampani kuphwanya lonjezo. cPanel ndi tsamba lolowerapo poyendetsa zonsezi, ndipo pasiwedi yake iyenera kukhala mu ofesi mwanu, osati m'mutu mwa munthu mmodzi.

Dzina kukhala la .mw sikutanthauza kuti seva ili ku Malawi. Mawebusaiti ambiri a konkuno amakhala ku Johannesburg, ku Ulaya kapena ku America, chifukwa kumeneko magetsi ndi odalirika ndipo mtengo ndi wotsika. Kuipa kwake n'kwakuti dziko lathu lilibe nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadzera pa zingwe zodutsa m'mayiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique kukafika ku zingwe za pansi pa nyanja. Mu May 2024 zingwe za EASSy ndi SEACOM zitaduka, intaneti inavuta m'mayiko angapo a kum'mawa kwa Africa, Malawi yomwe. Munthu wa ku Kawale wofuna kuona webusaiti ya ofesi ya ku City Centre amayenera kudzera kunja kwa dziko ngati seva ili kunja. Ku Blantyre kuli Malawi Internet Exchange kuyambira 2008, malo amene makampani a intaneti amalumikizirana kuti zam'dziko zizithera m'dziko momwemo, koma phindu lake limaoneka pokhapokha seva ili konkuno.

Pa chitetezo, chimene anthu ambiri amadziwa ndi kaloko kaja ka pambali pa adiresi. Kamatanthauza kuti webusaiti ili ndi satifiketi ya SSL, ndipo adiresi yake imayamba ndi https osati http. Zikatero, zimene mukulemba, kaya pasiwedi kaya nambala ya khadi, zimayenda zitasokonezedwa mwakuti munthu wa pa Wi-Fi ya pa loji kapena wina aliyense wapanjira sangaziwerenge. Kuyambira July 2018, Chrome imalemba chenjezo pa webusaiti iliyonse yopanda satifiketiyi. Kale inkagulidwa modula, koma kuchokera mu 2015 bungwe la Let's Encrypt limapereka ulere, ya masiku 90, yomwe makampani ambiri a hosting amaikonzanso okha ikamatha. Mukaona mtengo waukulu wa SSL pa invoisi ya webusaiti wamba, funsani kuti ndi ya mtundu wanji.

Kalokoko sikanena kuti mwini webusaiti ndi wachilungamo. Kamangonena kuti njira ya pakati pa inu ndi iye ndi yotsekedwa. Wakuba naye amatenga satifiketi yaulere mu mphindi zochepa n'kuika pa tsamba lofanana ndi la banki yanu. Anthu ankasokonezeka nako kwambiri moti mu 2023 Google inakachotsa pa Chrome n'kuikapo chizindikiro china.

Mawebusaiti ang'onoang'ono sathyoledwa ndi akatswiri amene akulimbana ndi inuyo. Amathyoledwa ndi mapulogalamu amene amayendayenda pa intaneti usiku wonse kuyesa chitseko chilichonse. Mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko amayendera pulogalamu yotchedwa WordPress, choncho kabowo kakapezeka mu pulagini imodzi, kutanthauza kapulogalamu kowonjezera pa WordPress, mamiliyoni amakhala pangozi tsiku lomwelo. Webusaiti imene inakonzedwa zaka zitatu zapitazo ndipo palibe anaigwiranso ili ndi mabowo odziwika kale. Choipa kwambiri ndi mapulagini ndi ma theme (maonekedwe okonzedweratu a webusaiti) ogulitsa amene wokonza anawatenga ulere pa mawebusaiti okayikitsa. Ambiri amabwera ndi khomo la kuseri loikidwiratu. Onjezerani pasiwedi yokhala dzina la kampani ndi 123 kumapeto, yomwe alonda okha ndi amene sakuidziwa mu ofesi. Njira yotsimikizira kawiri, pamene kuwonjezera pa pasiwedi mumalowetsanso nambala yobwera pa foni, imatseka ambiri mwa mavutowa ndipo siilipiritsa. Iyambe kuikidwa pa akaunti ya domeni ndi pa imelo ya bwana.

Ngakhale maofesi aakulu zimawagwera. Mu February 2024, Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti kusindikiza mapasipoti kunaima chifukwa anthu ena analowa m'makompyuta a nthambi ya Immigration ndipo ankafuna dipo. Mtundu wa chiwembu umene akuba amatseka mafayilo anu n'kufuna ndalama umatchedwa ransomware, ndipo mankhwala ake enieni ndi backup, kope la zonse losungidwa pena. Kope lokhala pa seva yomweyo silithandiza, limapita limodzi ndi zinazo. Liyenera kukhala kwina, ndipo wina aziyesa kamodzikamodzi kuona ngati likutseguka.

Imelo ndi yakale kuposa webusaiti. Ray Tomlinson ndi amene anasankha chizindikiro cha @ mu 1971, kulekanitsa dzina la munthu ndi la kompyuta imene bokosi lake lili. Mpaka lero, zimene zili kumanja kwa @ ndi domeni. Mu DNS ya domeni yanu muli mzere wotchedwa MX umene umauza dziko lonse kumene makalata anu azikatulidwa. Mzerewu ndi wosiyana ndi umene umaloza webusaiti, choncho webusaiti itha kukhala ku kampani ina, imelo ku Google Workspace kapena Microsoft 365, dzina ndi limodzi lomwelo. N'chifukwa chakenso imelo imafa nthawi zambiri pamene wina akusamutsa webusaiti: wasintha ma nameserver, waiwala kukopera MX. Ndipo amene ali ndi mphamvu pa domeni atha kusintha mzere umenewu n'kuyamba kulandira makalata anu onse, kuphatikizapo aja osinthira pasiwedi ya Facebook ndi ya kubanki.

Poika imelo pa Outlook kapena pa foni, mudzafunsidwa za POP kapena IMAP. POP imakoka makalata kuwaika pa kompyuta imodzi, ndipo kawirikawiri imawachotsa pa seva. Laputopu ikabedwa mu minibasi, makalata a zaka zisanu apita nayo. IMAP imawasiya pa seva, foni ndi kompyuta zimangoonetsa zomwezo. Sankhani IMAP, koma muziyang'ana kuti bokosi lisadzaze, pakuti likadzaza makalata atsopano amabwerera kwa owatumiza inu osadziwa. SMTP ndi njira yotumizira, ndipo ndi imene ili ndi chilema chachikulu: inakonzedwa mu 1982, nthawi imene ogwiritsa ntchito intaneti anali ochepa ndi odziwana, choncho siifunsa ngati wotumiza alidi amene akudzitchulayo.

Pofuna kutseka chilemachi anawonjezera mizere itatu mu DNS. SPF imatchula maseva amene ali ndi chilolezo chotumiza makalata m'dzina la domeni yanu. DKIM imaika siginecha yobisika pa kalata iliyonse, yoti wolandira atsimikize kuti siinasinthidwe panjira. DMARC imauza wolandira chochita ndi kalata imene yalephera mayeso awiriwo, kaya aitaye kaya aiike ku spam. Kuyambira February 2024, Gmail ndi Yahoo zinakhwimitsa malamulo pa zimenezi, makamaka kwa otumiza makalata ochuluka. Ngati makotesheni anu amangothera ku spam kwa makasitomala, musayambe n'kukalipira wa ku resepishoni. Uzani wokonza ayang'ane mizere itatuyi. Ndi ntchito ya ola limodzi.

Chinyengo chimene chimadya ndalama zambiri pa imelo sichifuna luso lalikulu. Wakuba amapeza pasiwedi ya munthu wa ku akaunti kudzera pa kalata yabodza yonena kuti bokosi lanu latsala pang'ono kutsekedwa, dinani apa. Akalowa sachita phokoso. Amawerenga makalata kwa masabata, n'kudziwa amene mumagula kwa iwo, kalembedwe kawo ndi masiku olipira. Invoisi yaikulu ikayandikira, amalembetsa domeni yofanana ndi ya wogulitsayo, yosiyana chilembo chimodzi chokha, mwina rn m'malo mwa m, n'kutumiza kalata yaulemu yonena kuti tasintha akaunti ya kubanki, lipirani ku iyi. SPF ndi DKIM siziigwira kalata yotere, chifukwa domeniyo ndi yakedi wakubayo ndipo mizere yake ili bwinobwino. Choigwira ndi lamulo la mu ofesi lakuti akaunti ya wogulitsa siisinthidwa chifukwa cha imelo yokha: wina aimbe foni pa nambala imene munali nayo kale, osati imene yalembedwa mu kalatayo.

Ndalama ikapita kale, woyamba kuimbira ndi banki yanu, ola lomwelo, pakuti mwayi woibweza umachepa ikangosamutsidwa ku akaunti yachiwiri. Kenako apolisi, ndi Malawi CERT, nthambi ya MACRA yoona za ziwembu za pa intaneti, imene inakhazikitsidwa pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Ngati mu bokosi lothyoledwalo munali zithunzi za ziphaso za anthu, mapepala a malipiro kapena mayina a ana a sukulu, nkhaniyo ikukhudzanso Data Protection Act ya 2024, imene imaika udindo woteteza zinthu zotere pa bungwe limene linazitolera. Musafufute makalata abodzawo pokwiya. Ofufuza adzawafuna athunthu, pamodzi ndi mizere yobisika ya pamutu pake yoonetsa seva imene anachokera.